Kabelu m'Thumba la Ovololo

Thiraki ya bambo a Kanati sinkadzuka ngati galimoto zina. Inkayamba yatsokomola, n'kulavulira utsi wakuda pazenera la chipinda chawo, kenako n'kuima pomwepo ikunjenjemera, kudikira kuti mpweya udzaze m'matanki. Mabuleki a magalimoto akuluakulu amayendera mpweya, ndipo usanakwane matayala sasuntha. Nthawi yonse imene mpweyawo unkadzaza, kabelu kena kobisika kuseri kwa chiwongolero kankalira kulira koboola m'khutu, kosapumira, kuuza dalaivala kuti asayerekeze kunyamuka.

Kabelu kameneka bambo a Kanati ankakatcha apongozi. "Apongozi ayambapo," ankatero akupukuta galasi ndi nsanza. Thirakiyo ankaitcha Akulu, poti ndiyo inayamba kulowa m'banjamo, mkazi anachita kuipeza.

"Iwe ndiwe wachiwiri, usamaiwale," ankamuseleula. "Akulu adye kaye, ife tinyambite mbale."

Make Kanati ankaseka, koma zinali zoona. Tayala linkabwera nsapato zake zisanabwere. Pansi pa bedi lawo panali mafyuluta, botolo la oyilo ndi batire lakufa limene amuna ake ankati lidzagwira ntchito tsiku lina. Ngakhale mwana wawo dzina lomuitanira linachokera m'bokosi la masipanala: anabadwa wochepa thupi, bambo ake n'kumuyang'ana n'kunena kuti aka ndi kanati.

Thirakiyo anaigula itakalamba kale, atatopa ndi kuyendetsera mabwana. Analumbira kuti sadzaimanso pakhomo la ofesi ya munthu chipewa chili m'manja. Tsopano bwana anali iwo, dalaivala iwo, wogwetsa giya pansi pa dzuwa iwo omwe. Make Kanati sanakwereko ulendo wautali, koma Akulu ankawadziwa ndi khutu. Ankamva lamba akakhwepa. Ankamva injini ikadzuka ndi mtima umodzi kapena iwiri. Ndipo chaka chino ankamva kuti apongozi akulira nthawi yaitali kuposa kale, ndiye kuti mpweya unkathawa penapake.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, ntchito yake inali yosunga madzi a sopo otsala pochapa matewera. Amuna ake ankalowa kunsi kwa ngolo ya thirakiyo chagada ndi burashi yakale ya penti, n'kumapaka thovu polumikizira mapaipi. Pamene pakutuluka mpweya thovu limatupa. Iye ankanjuta pambali atagwira beseni, mwana ali kumsana, maso ali pamapaipi.

"Apo," anatero madzulo amenewo. "Kumbuyo kwa dzanja lanulo. Pakutupa."

"Pati? Palibe kanthu apa."

"Pakani kachiwiri."

Anapakanso. Thovu linatupa, n'kuphulika, n'kutupanso, ngati kukhosi kwa chule.

"Maso akowa akanakhala a apolisi a pamsewu, bwenzi ndili kundende," anatero. Anadula mphira ya chubu chakale, n'kukulunga paipiyo mokoka, n'kumanga ndi waya. "Yatsopano ndikagula pobwerera. Akulu sanandichititsepo manyazi."

"Bwanji osagula kaye?"

"Simenti yakwera kale iyi, make Kanati. Mwini wake akuifuna mawa dzuwa lisanalowe. Ndikamuuza za paipi, ulendo wina apatsa wina."

Iye anangonyamula beseni lake. Anali atalankhula kale zambiri tsiku limenelo. Kanati ankamera mano, ndipo sabata yonse anali asanagone tulo teniteni, thupi likutentha, akukana bere n'kulifunanso. M'mawa wa tsikulo, mwana atangotseka maso, bambo ake analiza injini kuti akapakire simentiyo, apongozi n'kuyambapo. Kanati anadzidzimuka n'kukuwa mpaka kubanika. Mayi eni nyumba anamenya khoma ndi chigwiriro cha tsache: "Kodi pano ndi padepoti?" Make Kanati anatuluka wopanda nsapato, tsitsi lili nyankhalala.

"Apongozi anuwo simungawatseke pakamwa? Mwana wangogona kumene! Mukufuna ndipenge?"

Amuna ake anamuyang'ana kuchokera pamwamba paja, pazenera la thiraki. Anayang'ana maso ake ofiira, mkaka utadetsa bulauzi. Kenako ananyamuka kukapakira simentiyo.

Tsiku la ulendo kunacha mwa mtundu wina. Make Kanati anadzuka kunja kutayera, injini ikulira chapansipansi, mwana ali m'tulo, kamwa yasa, thukuta la kuchira lili pachipumi. Anatsala pang'ono kulira ndi chisangalalo. Anathira tiyi m'fulasiki n'kutuluka monyang'ama.

"Apongozi lero agona," amuna ake ananong'ona, akumutsinzinira diso limodzi.

Iye anaseka, dzanja lili pakamwa. Mutu wake unali wolemera ndi tulo ta sabata yonse, sanafunse kuti agona bwanji. Anangokumbutsa zimene ankakumbutsa ulendo uliwonse.

"Foni osayankha mukuyendetsa."

"Ndinalumbira kale, amayi. Ngakhale aimbe mngelo."

Anawalumbiritsa yekha Kanati ali m'mimba, atamva za dalaivala wina amene anagwera m'ngalande akuyankha mkazi wake. Chiyambire pamenepo sanaphwanyepo. Thiraki inatuluka pabwalopo ikukoka ngolo yake ngati nkhalamba yokoka mwendo, n'kusiya banga lakuda la oyilo pamene inagona.

Dzuwa litakwera, make Kanati anatenga ovololo ya dzulo kuti achape. Ankayamba wapisa m'matumba, chifukwa munkatuluka zambiri: mawashala, tepi yakuda, fyuzi yopserera, tsiku lina mpeni. M'thumba la pachifuwa anapezamo kanthu kakuda, kozungulira, kochepa ngati chivindikiro cha botolo la mankhwala, kali ndi timabowo pamwamba. Kumbuyo kwake kunali timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda, todulidwa bwinobwino ndi pulayala. Mkuwa wake unkawala. Anali madulidwe atsopano.

Anakatembenuza m'manja. Kanthu kameneka anali asanakaonepo, koma timabowo tija tinali totulukira mawu. Anali apongozi aja.

Anaimba foni. Inalira mpaka kudula yokha. Anaimbanso. Anawaona m'maganizo ali pachiwongolero, foni ikunjenjemera pampando wa pambali, iwo maso ali pamsewu, akusunga lumbiro. Analemba uthenga: Imani. Mpweya. Chonde imani. Koma uthenga amawerenga munthu amene waima.

Anabereka mwana, n'kumanga kanthu kaja pakona ya nsalu yake, n'kusiya ovololo ili m'madzi.

Garaja ya alamu ake, akulu awo a bambo a Kanati, inali kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Panali mabasi awiri opanda matayala, galu wogona m'tayala, ndi nthaka yakuda yomata kunsapato. Alamuwo ankaoneka miyendo yokha, thupi lonse lili kunsi kwa basi.

"Odi, alamu."

"Mawu amenewo ndi a mkazi wanga wamng'ono," anayankha ali komweko. "Mwatopa naye uja eti? Ndinakuuzani kuti munasankha molakwika, wokongola m'banja mwathu ndine."

"Tatulukani muone ichi."

Anatuluka akuseka, akupukuta manja pantchafu. Make Kanati anamasula mfundo n'kutambasula dzanja. Kuseka kuja kunatha ngati wazimitsa wailesi.

"Mwakatenga kuti?"

"M'thumba la ovololo."

"Wachoka nthawi yanji?"

"Kutangocha. Dzulo tinapeza paipi ikutuluka mpweya, anamanga ndi mphira. Koma geji ya mpweya ilipo, eti alamu? Akhoza kuona pageji?"

"Geji ija inafa inu musanakwatiwe. Singano yake imangoloza kumwamba ngati mlaliki." Anakatenga kabeluko n'kukayang'ana mawaya. "M'galimoto muja chilichonse chimanama, mlamu. Geji ya mafuta imanama, ya liwiro imanama, mwini wakenso amanama. Konena zoona kanali aka kokha. Chamulowa n'chiyani mwana ameneyu?"

Make Kanati anayang'ana galu uja. Mwana kumsana ankasewera ndi khutu lake.

"Mpweya ukatha zimatani?" anafunsa.

"Ukatha kamodzin'kamodzi, bola, galimoto imangouma pamsewu. Choipa n'chakuti uzitha pang'onopang'ono. Mabuleki a ngolo amayamba kugwira okha, pang'ono chabe, ngati mwana wokoka nsalu ya mayi ake. Iye ndi simenti yonse ija aziyesa kuti ndi kulemera kwa katundu, aziponda mafuta. Zitsulo zizitentha. Zikafiira, tayala..." Sanamalize. Anapisa m'thumba kufuna foni.

"Nanga pamtsetse paja?"

"Tiyeni tiimbe kaye."

Mtsetse umenewo make Kanati anali asanauonepo, koma ankaudziwa ngati khonde la kwawo. Amuna ake ankaufotokoza akusamba m'manja: msewu umatsika phiri mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo pansi pake pali zigoba za magalimoto zochita dzimbiri zimene palibe anapita kukazitola. Ulendo uliwonse iye ankautsika nawo ali m'khitchini, mpeni uli m'manja, osadula kanthu.

Alamu anaimbira dalaivala wina amene ankayenda msewu womwewo. Anali kusikelo, pamene amayeza kulemera kwa mathiraki.

"Mng'ono wako? Wadutsa kalekale. Watiimbira hutala, ife tili pamzere ngati zitsiru. Bwanji, wathawa ndi mkazi wa mwini?"

Alamu anadula. Anaimbira wina, foni yake inali yozima. Wachitatu anali kunja kwa dziko. Make Kanati ankangoimba ya amuna ake, kudula, kuimbanso, mpaka chala chinachita dzanzi. Kenako alamu anakumbukira mayi wina wogulitsa tiyi pamwamba pa phiri, pamene madalaivala amaima kugogoda matayala ndi kukhudza zitsulo asanayambe kutsika. Anaika foni pokweza mawu.

"A thiraki yobiriwira aja? Angodutsa kumene, sanaime lero. Komatu kumanunkha mphira, bambo. Ndinathamangira kumsewu kuwakodola ndi manja onse awiri, iwo n'kundiimbira hutala, akumwetulira. Ayesa ndikuwapatsa moni."

Alamu anaika kabelu kaja m'dzanja la make Kanati n'kulipinda ndi lawo lakuda. Anatenga makiyi a kagalimoto kawo.

"Pitani kunyumba. Mukamva foni ya nambala yachilendo, yankhani."

"Ndipite nawo."

"Ndi mwanayo? Pitani kunyumba, mlamu."

Kunyumba ovololo ija inali ikadali m'madzi. Anaichapa, poti manja ankafuna chochita. Anapikicha mawondo, makolala, thumba la pachifuwa lija, mpaka zala zinasupuka. Ataiyanika pachingwe, mphepo inalowamo n'kuitupitsa, inaima ngati munthu wopanda mutu akugwedeza mikono. Anaiyanula msangamsanga n'kukaiyanika pampando m'nyumba, madzi akudontha pansi.

Foni ya amuna ake inali itasiya kulira. Tsopano ankayankha mayi wa m'makina uja, wonena kuti nambalayi sikupezeka. Make Kanati anamumvera mayiyo mpaka kumapeto, kangapo konse, ngati mwina angawonjezere mawu ena.

Anayamwitsa mwana. Anasesa m'nyumba mosesa kale. Anapukuta batire lakufa lija. Galimoto iliyonse yaikulu yodutsa kumsewu inkamuimitsa pakati pa chipinda, khutu lili tcheru, ngakhale ankadziwa kuti si Akulu: iyi injini yake ndi yanthete, iyo ilibe chifuwa. Mayi eni nyumba anasuzumira pakhomo kudzabwereka machesi, n'kunena kuti lero ndiye anagona ngati mfumukazi, amuna anuwo muwathokoze. Make Kanati anawapatsa bokosi lonse.

Kagalimoto ka alamu kanafika dzuwa litapendeka, kufiira kuli pamalata. Make Kanati anaima pakhomo n'kuyang'ana pagalasi la kutsogolo. Mitu inali iwiri. Anakhala pansi pomwepo pasitepe.

Bambo a Kanati anatuluka pang'onopang'ono. Alamu ndiwo anawatsegulira chitseko, chifukwa manja awo onse awiri anali okulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, atawanyamula patsogolo ngati munthu wopempha. Nsidze zinalibe. Tsitsi la mbali imodzi linali litapsa, ndipo fungo la mphira linafika pakhomo iwo asanafike. M'khwapa anapanira fulasiki.

"Ndakubweretsera fulasiki yako," anatero. "Usati ndinataya."

"Nanga Akulu?"

Anayang'ana pabwalo paja, pamene panali banga la oyilo.

"Akulu atisiya."

Alamu sanalowe. Anaitanira make Kanati pambali n'kunena chapansipansi kuti mankhwala ndi awa, mabandeji akasinthitse kuchipatala, adokotala akuti zala zina mwina sizidzapindikanso bwino. Mwini simenti waimba kale. Pepala la inshuwalansi lija ndi longoonetsa apolisi, za thirakiyo salipira. Kenako anayang'ana mfundo ya pakona ya nsalu yake, momwe munali kabelu kaja, n'kupukusa mutu pang'ono, kusonyeza kuti asaitulutse. M'njira monse iwo sanaitchule nkhaniyo.

M'nyumba make Kanati anavula amuna ake nsapato, n'kuwamwetsa madzi ndi kapu ngati mwana. Iwo ankalankhula akuyang'ana khoma.

"Ndimamva kuti akulemera. Ndimati ndi ukalamba, ndimawanyengerera, tiyeni amayi, tatsala pang'ono. Anthu m'njira akundikodola, ine kumati lero ndiye ndatchuka. Utsi ndinauona nditalowa kale mumtsetse. Kuponda buleki, phazi kungofika pansi. Ndinawakhulitsa kuthanthwe mpaka anaima." Anapumira. "Likanakhala tayala limodzi ndikanalimbana nalo. Chozimira moto chija chinangoti fyo, basi. Ndinayesa dothi, ndinayesa jekete. Ndiye ndinati ndimasule ngolo, mutu wa thiraki wokha upulumuke. Chitsulo chomasulira chija ndinachigwira ndi manja."

"Mukanangothawa."

"Kuthawa Akulu?" Anayesa kuseka, milomo yosweka inakana. "Kenako moto unafika kuthanki. Anthu anachita kundikoka."

Kanati anakwawira kumiyendo yawo n'kugwira buluku, akufuna kunyamulidwa monga mwa masiku onse. Bambo ake anatsitsa mikono, n'kuiyang'ana, n'kuibweza. Make Kanati anamunyamula n'kumukhazika pamiyendo pawo, atamugwirira kumsana.

"Foni yapsera momwemo," anatero. "Ndimaimva, iwe. Kuyambira kusikelo imangolira, imangolira. Ndinati make Kanati lero akundiyesa, akufuna aone ngati ndine munthu wosunga mawu. Ndinati ndikafika kumunsi ndimuimbire, ndimuuze kuti waluza." Anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba. "Umafuna chiyani?"

Mfundo ija inkamukanikiza m'chiuno. Anatsegula pakamwa, n'kuona nkhope yopanda nsidze ija, yotopa, ikudikira.

"Ndimafuna ndikuuzeni kuti mwana thupi lazizira," anatero.

"Eya. Ndinaona m'mawa kuti wagona bwino." Anaweramitsa mutu n'kugunditsa chipumi chawo pa cha Kanati. "Bola zimenezo."

M'mawa mwake bambo a Kanati anadzuka nthawi yawo ya masiku onse, kunja kukuyamba kuyera. Make Kanati anali maso kale, koma anatsinzina. Anawamva akulimbana ndi chitseko ndi chigongono, mpaka chinatseguka. Pazenera anawaona ataima pakati pa bwalo, pafupi ndi banga lija, mikono yoyera ili patsogolo. Bwalolo linali lalikulu kuposa mmene ankalidziwira. Pambali panali matabwa awiri otsekera matayala, burashi ya penti ija, ndi beseni la madzi a sopo limene iye anasunga dzulo osaganiza, thovu litaphwa.

Anaima choncho mpaka mayi eni nyumba anatuluka ndi tsache, n'kuwaona, n'kubwerera m'nyumba osasesa.

Atalowanso, amuna ake anaima pafupi ndi mpando pamene panali ovololo.

"Yauma?"

"Yauma."

"Tandipisira m'thumba la pachifuwamo."

Make Kanati anadzuka, n'kulowetsa zala m'thumbamo, n'kulitembenuza. Munali mbee. Amuna ake anayang'ana thumbalo, kenako nsalu imene iye anagona nayo osaimasula, kenako nkhope yake. Anayang'anizana nthawi yaitali. Kumsewu kunadutsa thiraki ya munthu wina, yatsopano, ikusintha magiya mosavutika, ndipo onse awiri anaimvetsera mpaka inazimiririka.

Pabedi Kanati anatembenuka n'kuponya kamwendo pamwamba pa bulangete. Make Kanati anatambasula dzanja kuti amufunditse.

"Musiye," amuna ake ananong'ona, akukhala pansi pampando paja, pamwamba pa ovololo. "Musiye agone."